Sabata yotseka mabuku a mwezi, koma usiku ndinali kunyumba

Amene mumagwira za maakaunti mukuidziwa sabata yomaliza ya mwezi, malipiro a anthu, ma invoisi osalipidwa, sitetimenti ya banki yoti igwirizane ndi mabuku, ndiye aliyense akufuna zake lero lomwe. Sabata yathayi inali imeneyo kwa ine.

Lolemba ndisanatsegule n'komwe imelo ndinalowa kwa abwana ndi kapepala kanga. Ndinati "bwana, zikuluzikulu sabata ino ndi malipiro Lachitatu, za kubanki Lachinayi, lipoti Lachisanu masana, china chikabwera mundiuze choti ndiyambe ndasiya." Ndinawauziratunso kuti Lachinayi ndiweruka 4 koloko poti kusukulu kwa mwana kuli msonkhano wa makolo. Anangoti chabwino nkulemba pa kalendala yawo. Zimenezi mukanena Lolemba palibe amakwiya, koma kanenani tsiku lomwelo 3 koloko chikwama chili kale paphewa, zimaoneka ngati mukuzemba ntchito pomwe nkhani yake ndi yomweyo.

Lachiwiri panalibe zambiri. Mitingi ina ndinafunsa kuti ine ndikufunika pati, anati mafigala okha, ndinawatumizira pa imelo basi osapitako. M'mawa wonse foni inali mudirowa.

Lachitatu ndiye linali tsiku. Malipiro anatuluka madzulo, ndiye cha m'ma 8 usiku mnzathu wina analemba pa gulupu ya WhatsApp kuti alawansi yake sinalowe, analembanso kachiwiri, kenaka ena ayamba kuyankhira kuti akauntanti ali kuti. Ine zonsezi ndinaziona m'mawa wake chifukwa gulupu ya kuntchito ndimaitseka pakamwa ndikangoweruka. Tinagwirizana kale mu dipatimenti kuti chinthu chikakhala chadzidzidzi zenizeni munthu aziimba foni, meseji ndiye kuti ikhoza kudikira kuche. Palibe anaimba. Ndipo kunena zoona ngakhale ndikanaiona usiku womwewo ndikanatani? Sisitimu ya malipiro ili ku ofesi, wovomereza ndalama anali atagona, ine ndikanangokhala pabedi mtima uli m'mwamba ana akundiyankhula ine osamva. M'mawa ndinapita kwa mnzathuyo pa desiki yake, tinaona limodzi kuti fomu yake inafika mochedwa, tinakonza tisanamwe ndi madzi omwe.

Ena amati uku ndi kudzimva, ine ndimakana. Mu 2021 mabungwe a dziko lonse oona za umoyo (WHO) ndi za ntchito (ILO) anatulutsa kafukufuku woonetsa kuti ogwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata chiopsezo chawo cha sitiroko chimakwera ndi 35 peresenti poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40, ndipo anati mu 2016 mokha anthu pafupifupi 745,000 anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa cha maola ataliatali. Maola oyankha mameseji pabedi aja sitiwawerenga koma thupi limawerenga. Ku France anachita kuika lamulo mu 2017 loti makampani akuluakulu azikambirana ndi antchito awo za ufulu wosayankha za ntchito akaweruka.

Lachinayi nthawi yonyamuka inakwana mabuku ndi banki zisanagwirizane, panali kandalama kosiyana komwe sikamaoneka kochokera. Mtima unkati khala pang'ono uchipeza, ndipo amaakaunti mukudziwa kuti "pang'ono" ameneyu amafika mdima. Ndinalemba pa kapepala mzere womwe ndalekezera, nkukamata pa kompyuta, ulendo. Kusukulu aphunzitsi anandionetsa kope la mwana wanga la masamu, kumapeto kwa tsamba lililonse amajambula timaluwa ting'onoting'ono, anati ndi wanzeru koma safunsa akapanda kumva. Zimenezi palibe akanandiuza pa foni.

Lachisanu m'mawa mutu uli wopepuka ndinaona kuti kusiyana kuja kukugawika ndi 9, ndipo zikatero nthawi zambiri manambala awiri asinthana malo, 54 walembedwa 45. Zinalidi choncho pa invoisi ina, lipoti linapita masana monga tinapangana.

Chomwe chimandikhudza ndi achinyamata omwe angoyamba kumene ntchito, iwo sangalowe kwa bwana ndi kapepala ngati ine, amaopa kuti aziti ndi aulesi, ndiye meseji ikabwera pakati pa usiku amadzuka nkuyankha. Mtsikana amene ndimamuyang'anira ndinamupeza Lachisanu 5 koloko itadutsa akutsegula fayilo yatsopano, ndinamuuza kuti "achemwali tsekani, imeneyo ndi ya sabata ya mawa, ndipo wina akakufunsani munene kuti ndanena ndine." Ifeyo amene tili ndi anthu pansi pathu ndi amene tiyenera kuyamba. Zomwe ndinakumbukira madzulo amenewo zoti mtsikanayo achite ndinazilemba pa imelo, koma ndinaitchera kuti imufike tsiku lantchito 8 koloko m'mawa, isamupeze pa wikendi.