Kakhadi ka Wenela m'sutikesi ya agogo

Madzulo ano, posanthula sutikesi yachitsulo ya malemu agogo aamuna, ndapeza kakhadi kawo ka Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni. Ndi kakhadi kothimbirira, kokhala ndi nambala ndiponso chidindo cha chala chachikulu chimene inki yake yazilala. Ndinakhala pa mkeka nthawi yaitali ndikukatembenuza.

Chimene chandikhudza n'chakuti amene anakhazikitsa Wenela ndi bungwe la eni migodi, Chamber of Mines, lomwe linayamba ku Johannesburg m'chaka cha 1889 kuti makampani a golide asamapikisane polemba anthu ntchito, poopa kuti malipiro angakwere. Bungwelo lidakalipo, kungoti mu 2018 linasintha dzina kukhala Minerals Council South Africa, ndipo mawu ake akadali ndi mphamvu: mu 2021 linapambana mlandu ku khoti lalikulu ku Pretoria, limene linagamula kuti Mining Charter, chikalata chofuna kuti anthu akuda akhale ndi gawo m'migodi, ndi ndondomeko chabe ya boma, osati lamulo lomanga makampani.

Sindikunena kuti kugwirizana kwa eni migodi ndi tchimo, pakuti aliyense ali ndi ufulu wokaonana ndi nduna n'kudzilankhulira. Chondiwawa n'chakuti iwo akhala akulankhula ndi pakamwa pamodzi zaka zoposa 130, pamene anzawo a agogo, amene Kamuzu anawaletsa ulendo wa ku Joni ndege yonyamula Amalawi ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974, anabalalikira m'midzi ya ku Dedza ndi Mzimba, aliyense ndi kakhadi kake m'sutikesi.