Kusaka Pokhala ku Oktoberfest

Achemwali anga anakwatiwa ku Germany ndipo amakhala ndi banja lawo mumzinda wa Munich, likulu la dera la Bavaria. Nditapeza mwayi wokawachezera mu Sepitembala 2023, alamu anga, omwe ndi mbadwa ya mzindawo, anandiuza pa foni kuti ndasankha nyengo yabwino chifukwa ndikapeza chikondwerero cha mowa cha Oktoberfest chikuyamba. Ndinawafunsa kuti zimatheka bwanji kuti mwambo wotchedwa ndi dzina la Okutobala uziyamba mu Sepitembala, ndipo anandiyankha kuti akale anaona kuti ndi bwino kuyamba msanga pothawa kuzizira, popeza Okutobala akafika kumeneko dzuwa limalowa mofulumira ndipo mphepo imayamba kuluma. Ndivomere kuti ndinanyamuka ndi maganizo akuti ndikaona khamu la zidakwa likuchita zimene zidakwa zimachita kulikonse. Zimenezo ndinazionadi, koma chimene chinandikhala m'mutu n'chakuti pamalo pamene mowa umayenda ngati madzi a mumtsinje, chinthu chimene anthu amachisowa ndi kuchilimbirana ndi pokhala.

Mwambowu unayamba ngati phwando la ukwati. Pa 12 Okutobala 1810, Ludwig, mwana wa mfumu ya Bavaria amene pambuyo pake analowa ufumu, anakwatira Therese wa ku Saxe-Hildburghausen, ndipo anthu a mumzinda anaitanidwa ku zisangalalo zomwe zinatsirizika ndi mpikisano wa mahatchi pabwalo lalikulu kunja kwa mzinda. Bwalolo analipatsa dzina la mkwatibwi, Theresienwiese, kutanthauza dambo la Therese, ndipo lero lili m'kati mwenimweni mwa mzinda chifukwa nyumba zinalizinga mbali zonse. Eni mudzi amangolitchula mwachidule kuti Wiesn, ndipo dzina lomwelo ndi limene amatchulira chikondwerero chonse. Alamu anandilangiza kuti: "Alamu, muzinena kuti Wiesn, chifukwa mukati Oktoberfest aliyense adziwa kuti ndinu mlendo." Ndinawathokoza chifukwa cha malangizowo, ngakhale ndinkadziwa kuti nkhope yanga inali itaulula kale nkhaniyo ndisanatsegule pakamwa.

Tinapita tsiku lotsegulira, Loweruka pa 16 Sepitembala, ndipo kumeneko ndiko kunali kulakwitsa kwathu. M'mawa tinaonerera mdipiti wa ngolo zokokedwa ndi mahatchi akuluakulu, zitanyamula migolo yamatabwa yokongoletsedwa ndi maluwa, oimba malipenga akutsogolera. Nthawi itakwana 12 koloko masana tinamva mizinga ikulira kakhumi ndi kawiri, chizindikiro chakuti meya wa mzindawo panthawiyo, a Dieter Reiter, akhoma mpope pamgolo woyamba mu tenti ya Schottenhamel ndipo afuula mawu akuti "O'zapft is!", kusonyeza kuti mgolo watsegulidwa. Mwambo umenewu unayamba mu 1950, ndipo anthu amawerenga kuti meya wamenya kangati ndi nyundo yamtengo. Chaka chimenecho anamenya kawiri kokha. Chikho choyamba chimaperekedwa kwa mtsogoleri wa boma la Bavaria, ndipo pokhapokha zimenezi zitachitika m'pamene matenti ena onse amaloledwa kuyamba kugulitsa. Anthu amene anali m'kati analowa cha m'ma 9 koloko m'mawa, ena atafola pamzere kuyambira mbandakucha, ndipo anakhala maola atatu akumwa madzi ndi zoziziritsa kukhosi, akusewera makhadi, pofuna kungoteteza malo awo pabenchi.

Ife amene tinataya nthawi kuonerera mahatchi tinazindikira mochedwa tanthauzo la kupirira kwawoko. Kulowa pabwalo n'kwaulere, koma lamulo la pafupifupi matenti onse ndi lakuti mowa amapatsa munthu amene wakhala pansi, osati woimirira. Tinayenda tenti ndi tenti, ndipo paliponse tinkapeza zitseko zotseka ndi alonda akupukusa mitu chifukwa m'kati munali mutadzaza. Mabenchi a panja nawonso anali odzaza. Tinabwerera kunyumba madzulo titangodya buledi wa soseji, ndipo achemwali anatiseka kuti amuna awiri athunthu apita ku chikondwerero cha mowa chachikulu kuposa china chilichonse padziko lapansi n'kubwerako kukhosi kuli gwa.

Lachiwiri tinabwereranso dzuwa lisanafike paliwombo, ndipo bwalo linali ndi nkhope ina. Panali makolo ndi ana awo okwera makatungwe a makina, pamodzi ndi agogo oyendera ndodo, amuna atavala akabudula achikopa otchedwa Lederhosen ndipo amayi atavala madiresi a Dirndl okhala ndi epuloni. Achemwali anandifotokozera kuti mfundo ya epuloniyo ikamangidwa kumanja ndiye kuti mayiyo ali ndi mwamuna, ikakhala kumanzere ndiye kuti sali pabanja. Tinalowa mu tenti ya Augustiner, ngakhale mawu akuti tenti akhoza kusocheretsa munthu, chifukwa ndi chinyumba chachikulu chamatabwa ndi zitsulo chimene chimamangidwa kwa miyezi ingapo chaka chilichonse, n'kudzaphwasulidwanso chikondwerero chikatha, ndipo m'kati mokha mumakhala anthu pafupifupi 6,000. Makampani ofulula mowa amene amaloledwa kugulitsa pa Wiesn ndi 6 okha, onse a mumzinda wa Munich: Augustiner, Hacker-Pschorr, Hofbräu, Löwenbräu, Paulaner ndi Spaten. Onsewa amanyadira lamulo la ku Bavaria la mu 1516, lomwe linanena kuti mowa uzipangidwa ndi madzi, balere ndi chitsamba cha hops basi. Alamu anasankha Augustiner chifukwa kumeneko mowa amautungabe m'migolo yamatabwa ya malita 200.

Ngakhale linali tsiku la pakati pa sabata, matebulo ambiri anali ndi zikwangwani za anthu amene anasungitsa malo miyezi yambiri m'mbuyomo. Tili chiimirire m'kanjira, bambo wina wachikulire wa ndevu zoyera, amene anakhala ndi mayi akunyumba kwake, anatikodola n'kusendera chakumapeto kwa benchi. Sanatifunse kumene tachokera mpaka zikho zitafika. Chikho chake chimatchedwa Maß, ndipo ndi tambula yochindikala yokhala ndi chogwirira, yolowa lita imodzi, yolemera kuposa kilogalamu imodzi ilibe kanthu. Chaka chimenecho mtengo wake unali pakati pa mayuro 12.60 ndi 14.90, ndipo ndinasiya dala kuwerengera m'makwacha poopa kuti mowa ungandiwawire m'kamwa. Bamboyo anandiphunzitsa kulowetsa dzanja m'chogwirira kuti chikho chitsamire pachikhatho, kugundanitsa zikho chakumunsi kumene galasi ndi lolimba, komanso kuyang'ana mnzako m'maso pogundanitsapo. Anandichenjezanso kuti mowa wa pa Wiesn ndi waukali kuposa wa masiku onse, popeza mphamvu yake imafika pafupifupi 6 peresenti, koma umatsetsereka pakhosi mosachenjeza.

Nditakhala pamenepo ndinakumbukira mowa wa masese kumudzi kwathu, kumene chipanda chimodzi chimazungulira bwalo lonse, mwini mowa atayamba walawa, ndipo munthu wodutsa m'njira saloledwa kupitirira osanyowetsa kukhosi. Ku Bavaria aliyense amagwira chikho chake ndipo amalipira yekha, moti kumwa m'chikho cha mnzako kungaoneke kwachilendo, koma chimene amagawana ndi benchi. Mapewa amagundana, munthu mmodzi akafuna kutuluka mzere wonse umadzuka, ndipo oimba malipenga akayamba kanyimbo kogundanitsira zikho, komwe amakabwereza pafupipafupi, mumakweza manja pamodzi ndi anthu amene simudzawaonanso. Kuimirira pabenchi poimba n'kololedwa, koma wokwera patebulo amatulutsidwa kunja. Mpaka 6 koloko madzulo nyimbo zimakhala zachikhalidwe ndipo saziimba mokweza kwambiri, pofuna kuti okalamba ndi mabanja asathawe.

Anthu amene ndinawapatsa ulemu waukulu ndi operekera mowa, ambiri mwa iwo amayi. Mayi amene ankatumikira tebulo lathu ankabwera atakumbatira zikho khumi nthawi imodzi, wezulo ali pakamwa kuti anthu apatuke, mikono atamanga nsalu zolimbitsa mfundo. Alamu anandiuza kuti m'matenti ambiri operekerawa amayamba agula okha mowawo kwa mwini tenti, kenako n'kugulitsa kwa omwa, kotero kuti phindu lawo limachokera pa kandalama kochepa ka pachikho chilichonse ndi ndalama zimene omwa amawonjezera mwa kufuna kwawo. Ntchito yawo si yamasewera, chifukwa chaka chimenecho chikondwerero chinatenga masiku 18, mpaka pa 3 Okutobala, ndipo kunafika anthu pafupifupi 7.2 miliyoni. Mayiyo anatibweretseranso nkhuku yootcha yodula pakati, ndipo sanalakwitse chenji ngakhale kamodzi m'phokoso lonselo.

Titatuluka kunja mdima utayamba, ndinaona mbali ija imene ndinkaiyembekezera ndili kwathu. Pachitunda cha udzu pafupi ndi chifanizo chachikulu chamkuwa cha mayi wotchedwa Bavaria panagona anthu amene mowa unawagonjetsa, ena akusanza, ndipo azachipatala ankadutsa ndi machira a matayala ophimbidwa kuti wonyamulidwayo asajambulidwe. Sindinaone chosangalatsa pamenepo, makamaka poganizira atsikana amene anasiyana ndi anzawo, ngakhale pabwalopo pali malo apadera othandizira amayi ndi atsikana amene ali pamavuto. Pachipata chachikulu alamu anaima pa chikumbutso cha anthu amene anafa pa 26 Sepitembala 1980, pamene bomba linaphulika pamalo omwewo n'kupha anthu 13, kuphatikizapo amene analitchera, ndi kuvulaza ena oposa 200. Anavula chipewa chawo kwa kanthawi, khamu likungodutsa mbali zonse, kenako tinatsikira ku sitima ya pansi pa nthaka.

Ndinamwa zikho ziwiri zokha tsiku lonse, ndipo m'mawa mwake ndinadzuka wopanda matsire. Chimene chinkandipweteka chinali dzanja lamanja, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, pamene chogwirira cha chikho chinasiya mzere wofiira umene unatenga masiku atatu kuti uzimiririke.