Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Ine, khanda ndi foni usiku ku Machinjiri

Tinalekezera paja anditulutsa ku Chatinkha, kuja kochilira amayi pa chipatala cha Queens, ndabwerera ku Machinjiri ndi kamwana kanga kamkazi m'manja, mayi anga atafika kale kuchokera kwathu ku Thyolo ndi thumba la mgaiwa, chimera ndi nkhuku imodzi yomwe akuti inasowetsa anthu mtendere m'minibasi njira yonse. Nde lero ndikuuzeni za masabata otsatirawo, chifukwa ndi pamene ine ndi foni tinagwirizana kwambiri, moti mpaka pano ndikaona mtsikana ali ndi khanda pamwendo maso ali pa TikTok sindimuseka olo pang'ono.

M'chikuta zinthu zinali bho. Mayi anga ndi aja osalola kuti ugwire olo supuni, amadzuka m'bandakucha kukoleza mbaula, kunditenthetsera madzi, kundithowa, kenako phala lotsira nsinjiro, thobwa ndiye osanena, akuti ndizimwa basi kuti mkaka uzibwera wambiri. Mwana akalira usiku ndikangomaliza kuyamwitsa ndimamva "tabwera naye kuno, iwe gona", ine tulo. Mchombo utagwa tinatuluka m'chikuta, anakhalako pang'ono, koma paja munali mu December 2022 mvula itayamba, ndipo kupalira ndi kuthira feteleza sizidikira mdzukulu. Anapita. Bambo ake a mwana ndi a thiraki, lero Beira mawa pa boda, akanyamuka mumangomvana pa foni netiweki ikalola. Ndinatsala ndekha m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri.

Kumudzi munthu wochira kumene sakhala yekha, pamakhala azakhali, anganga, alamu, tiatsikana totunga madzi, wina amakulandira mwana usanapemphe n'komwe. M'tauni muno aneba ndi anthu abwino ndithu, amabwera kudzaona mwana ndi sopo kapena ka K1,000 kokulunga m'manja, "eee wangotengera bambo ake mphuno", kenako aliyense ku geni yake. Ikamakwana 8 koloko usiku zitseko zonse pa pulotipo zatsekedwa.

Komanso chaka chimenecho magetsi anali a mwayi, paja namondwe Ana anaononga ku Kapichira mu January 2022 ndipo zinali zisanakonzedwe, nde akangoyaka chinthu choyamba sichinali kuphika ayi, chinali kuthamangira chaja. Foni ndiyo inali tochi yosinthira thewera, wotchi, wailesi, komanso mnzanga wocheza naye.

Usiku wina cha m'ma 2, mwana ali pa bere, ine ndikulimbana ndi tulo kuopa kumugwetsa, ndinatsegula TikTok mawu ndatsitsa. Inabwera vidiyo ya mzimayi wina wa ku America akuonetsa tsiku lake ndi khanda la masabata ochepa. Pamwamba palembedwa nthawi. 6:30 kudzuka, watsegula makatani. 6:45 kuyamwitsa. 7:15 kusintha thewera pa katebulo kakekake komwe kali ndi madirowa, chilichonse pamalo pake. Kenako kumugoneka mwana chafufumimba pa kamphasa kofewa kuti alimbe khosi, 8:30 mwana wagona m'kabedi kake, mayi wakhala pansi akumwa khofi wotentha, nthunzi ikuoneka. Nthunzi abale! Ine tiyi wanga wa m'mawa ndimamupeza masana ntchentche itafera momwemo. Ndinaionera mpaka kumapeto, ndinaibwerezanso, ndipo mukudziwa mmene foni imachitira ikangoona kuti mwachedwa pa chinthu, kuyambira pompo inayamba kundithira zomwezo, wa ku London, wa ku Johannesburg, wa ku Lagos, wa ku Nairobi, aliyense ndi khanda lake ndi mawotchi ake, pa Facebook ndi pa Instagram chimodzimodzi.

Anthu amaganiza kuti timaonera zimenezi pofuna kuphunzira kulera. Pang'ono inde, koma kusambitsa mwana mayi anga anali atandionetsa kale, kugwira kakhosi, kutsuka m'makwinya, kusamala paliwombo. Chimene chimandikoka ine chinali manambala aja. Khanda likabwera tsiku limasiya kukhala ndi mutu ndi mchira, sudziwa ngati lero ndi Lachiwiri kapena Lachinayi, sudziwa ngati wasamba, umangozungulira kuyamwitsa, kubyukutsa, kusintha, kuchapa, kuyamwitsanso, ndipo dzuwa likamalowa ukadzifunsa kuti kodi ndapanga chani lero yankho palibe pomwe msana ukuwawa. Nde kuona munthu wina watenga zomwezo n'kuziika mu mzere, chilichonse ndi nthawi yake, mtima umakhala pansi, umati kani iyi ndi ntchito eti, ntchito yoti munthu akhoza kuilemba n'kuionetsa anthu. Ku Limbe komwe ndimagwira pa kauntala ya shopu, madzulo timawerengera ndalama, buku likuonetsa zomwe wagwira. Kunyumba palibe amakuwerengera matewera.

Ndinatenga kope la sukulu lotsala, la mizere lija, ndinajambula mizere ndi lula, nthawi uku, bere la kumanja kapena la kumanzere uku, kukodza, chimbudzi, kugona. Pa dzanja ndimavala kamphira ka tsitsi, ndikayamwitsa kumanja ndimakasamutsira kumanzere kuti ndisaiwale koyambira ulendo wina, nzeru imeneyo ndinaitola m'mavidiyo momwemo ndipo inandithandiza zedi chifukwa bere lina limatupa ndikalilumpha. Kopelo lilipo mpaka lero, masamba ena ali ndi madontho a mkaka, ena malembo akutsetsereka kupita pansi, umboni woti wolembayo amasinza.

Mwana wanga za kopelo analibe nazo ntchito kkkk. Ndikalemba kuti agona 8:30 iye maso ali gwa, akuyang'ana denga. Masana tulo tofa nato, usiku phwando. Ndinaimbira mayi anga, anangoseka, "iwe mwana sadziwa wotchi, akalira mpatse bere basi, iweyo ndinakulera ndi kope?" Apongozi nawo atabwera kuchokera ku Chilomoni analipeza pa mpando, anatsegula, anavala magalasi, anayang'ana nthawi yaitali, kenako mwaulemu wawo uja akuti "amake mwana, kodi mwayambanso sukulu?" Ndinati ayi amayi, ndikungolemba mmene akuyamwira. Anangoti "oho", koma oho wake ndinamumva.

Apa ndi pomwe pali nkhani ina yomwe ambiri sitinena. Kufunsa akuluakulu kuli ndi mtengo wake. Ukafunsa apongozi kuti chimbudzi cha mwana chachikasu chanjerenjere chonchi ndi chabwinobwino, mawa nkhani yafika kwa alamu onse kuti mkazi wa uje sadziwa kulera. Ukafunsa aneba akuuza za mankhwala a liwombo ndi kwa agogo ena ake ku Ndirande. Foni siseka munthu, siikuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ukhoza kufunsa chinthu chomwechomwecho mobwerezabwereza 3 koloko usiku, ndipo pansi pa vidiyo umapeza azimayi ambirimbiri akunena kuti wanganso amatero. Mawu amenewo, wanganso amatero, kwa munthu woyamba kubereka ndi mankhwala.

Koma musaganize kuti ndinali wogona, ndimaona ndithu zomwe kamera siyionetsa. Mzimayi uja sachapa, amaponya zovala m'makina. Ine matewera a nsalu ndimayamba ndawaviika m'ndowa, kukachapa pa mpopi wa panja womwe timagawana mabanja angapo, madzi akakhala kuti akutuluka tsiku limenelo, nthawi ya mvula sauma ndiye chingwe chimadutsa pa balaza pomwe, ukamaliza kusita ndi simbi ya makala kuopa mphutsi. Mapampasi ndimasungira usiku ndi popita ku sikelo, timagula amodziamodzi pa okala. Mwana wake amagona chipinda chake, wanga amagona pambali panga mu neti, ndipo za chipinda chake ngakhale ndikanakhala nacho sindikanayerekeza ndi udzudzu wa mu January. Ndiye pali funso lomwe limandiseketsa ndekha, mayi akuyamwitsa manja onse ali pa mwana, nanga akujambulayo ndani? Komabe ndimaonera, ngati mmene timayendera m'mashopu ku Chichiri m'thumba muli ya minibasi yokha, kugwiragwira nsapato, kufunsa mtengo, n'kutuluka mtima uli mbee. Masiku ena kusirira kuja kumasanduka kudzimvera chisoni, makamaka mwana akalira madzulo onse osatonthola ine ndikulira naye limodzi, pamenepo foni ndimaiponya kumiyendo kwa bedi.

Ndiye pali aja ogulitsa. Vidiyo imayamba bwinobwino, pakati mwaona botolo la chakuti, kansalu kokulungira mwana kuti azigona usiku wonse, timadzi tothetsa m'mimba, mapeto ake akukuuzani kokagula. Azimayi a maoda a kuno nawo anazitulukira, pa sitetasi ya WhatsApp zinthu zomwezo zafika kale kuchokera ku Joni kapena ku China, mtengo wake theka la lendi. Zimenezo sindinagule, osati chifukwa cha nzeru ayi, ndalama panalibe.

Ku sikelo ya masabata 6, ija ya katemera wachiwiri pambuyo pa BCG ndi madontho a poliyo a pobadwa, ndinapita ndi kope langa m'chikwama pamodzi ndi kabuku ka mwana. Tili pa benchi anesi anayamba kutiphunzitsa monga amachitira asanayambe kuyeza, ndipo zambiri zomwe ananena zinandimasula. Khanda limayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa tsiku usana ndi usiku, kamimba kake n'kakang'ono, mkaka wa m'mawere suchedwa kugayika, nde lipatseni nthawi iliyonse lafuna osadikira wotchi, ndipo kuyamwa pafupipafupiko ndi komwe kumapangitsa mkaka kubwera. Limagona maola ambiri ndithu, 14 mpaka 17, koma modukizadukiza, ndipo kusiyanitsa usana ndi usiku limayamba pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Kulira kwa madzulo kuja kumafika pachimake cha m'masabata 6 omwewa kenako kumatsika. Pogona azigona chagada. Ndipo anabwereza mokweza, kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, osampatsa madzi, osampatsa phala, osampatsa tiyi olo kutenthe bwanji. Nthawi imeneyo kolera inali itavuta mu Blantyre muno mpaka sukulu za kuno ndi za ku Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu January 2023, nde nkhani ya madzi aliyense anaimva bwinobwino, ngakhale aja amabisa kabotolo m'chitenje.

Nditafika pa tebulo ndinawaonetsa kope lija mwamanyazi. Sanaseke. Anayang'ana mzere wa kukodza, anati mwana wonyowetsa matewera chonchi akukhuta, anayang'ana sikelo, mzere pa kabuku ukukwera, anati pitirizani kulemba ngati kukukuthandizani koma mwanayu azilamula ndi iyeyo.

Pa benchi pomwepo ndi pomwe ndinalowetsedwa mu gulu la WhatsApp la azimayi omwe tinkakumana ku sikelo ya apakati. Limenelo ndiye linandigwira kuposa TikTok. Kulibe makatani oyera kumeneko. Wina wa ku Chirimba amatumiza chithunzi cha ndowa ya matewera ndi mawu oti "ofesi yatsegulidwa", wa ku Mbayani amalemba ndondomeko yake ya tsiku motsanzira azungu aja, 5 koloko kukaima pa mzere wa madzi mwana ali kumbuyo, 7 koloko kukangana ndi ogulitsa makala, 9 koloko kufunafuna sokosi imodzi, ife kuseka mpaka mabala a opareshoni kuwawa kwa omwe anang'ambidwa. Ndipo pakati pa usiku pamangobwera ka uthenga, "alipo ali maso?" Mayankho mbwee, ndili pano asisi, wanga wangoyamba kumene, kuno magetsi ayaka thamangani mukachaje. Ena sindinawaonenso maso ndi maso chichokereni ku sikelo, koma ndimadziwa mwana wa ndani ali ndi chimfine, wa ndani wayamba kumwetulira, ndani amuna ake sakubwera kunyumba. Bandulo ikatha tsiku limenelo usiku umatalika zedi, moti ndimalolera kudya nsima ya masamba okhaokha bola ka WhatsApp ka sabata kalowe.

Zonsezi zikuchitika masiku akutha. Lamulo la ntchito la dziko lino limapereka masabata 8 a tchuthi cha uchembere, ndipo masabata 8 ukawamva ndi ambiri, ukakhala ndi khanda ndi dzulo lomweli. Mwana anali asanalimbe n'khosi lomwe, katemera wa masabata 10 ndi 14 asanabayitse, ine ndikufunika pa kauntala ku Limbe. Ndinayamba kusakasaka mavidiyo ena tsopano, a kufinya mkaka ndi manja, kuusunga m'kapu yoyera yovundikira, kumwetsa mwana ndi kakapu osati botolo, ndikuyeserera usiku mkaka kumangothawira m'zala. Bambo ake anaimba ali pa boda ya Mwanza kuti alankhula ndi kwawo, mchemwali wawo wamng'ono yemwe anali atangolemba Fomu 4 abwera kudzakhala nafe azitsala ndi mwana.

Anafika Loweruka madzulo ndi kachikwama kamodzi, foni ili m'manja, mahedifoni m'makutu. Ndinamukhazika pansi, ndinamupatsa kope lija, ndinati alamu, mwana akamwa muzilemba apa, akakodza apa, akagona apa, ndikabwera ndiziona. Anatsegula, anayang'ana, anati "aaa alamu zimenezi ndimaziona pa TikTok, musadandaule." Zomwe ndinapeza zitalembedwa mu kopemo Lolemba madzulo nditatsika minibasi mabere atatupa mpaka bulauzi kunyowa, imeneyo ndi ya gawo 12.