Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 7: Ndodo Zopindika za pa Nchalo

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitalo. Achimwene amene munafunsa mmene ndinayambira ndodo za pulu, lero ndi tsiku lanu.

Mukukumbukira kuti malume atamwalira anandisiyira makina awo osemera miyendo ya matebulo. Mu 2012 mwini bala ina pa Nchalo anandiitanitsa ndodo 10, poti anyamata odula nzimbe akalandira malipiro ankasewera mpaka mbandakucha. Ndinagula mlombwa wauwisi, sabata imodzi ntchito yatha. Zinali zowala, ndipo ndinayenda modzimva.

Okutobala atafika, kutentha kwathu kuno kuja kopitirira madigiri 40, anandiitana. Bala inali yodzaza. Sanandipatse moni. Anatenga ndodo imodzi n'kuigubuduza pa tebulo, nsonga yake ikudumphadumpha. Anatenga yachiwiri, chimodzimodzi. Anagubuduza zonse 10, imodziimodzi, anthu akuwerenga mokweza ndi kuseka. Ine chilili, thukuta lili kamukamu, chipewa m'manja. Anangoti, "Bambo, ndalama zanga." Ndinagulitsa mbuzi ziwiri za mayi a ana. Iwo sanayankhule kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko kumandipwetekabe mpaka lero.

Amene anandiphunzitsa kuumitsa mitengo ndi mmisiri wina wokalamba wa ku Bangula. Mtengo wauwisi uli ndi madzi, ukamauma mbali ina imakoka kuposa inzake. Choncho umasankha wa mizere yowongoka, wopanda mfundo, ndipo mtima wapakati umausiya. Kunsonga zonse ziwiri umamata kandulo yosungunula kuti usang'ambike. Umaupachika choimirira pansi pa denga la udzu, osati la malata. Mwezi uliwonse ndinkauyeza pa sikelo ya thonje. Kulemera kukasiya kutsika, ndiye kuti wauma. Ngakhale apo susema kamodzi. Umachotsa pang'ono, n'kuupachikanso miyezi iwiri kuti uonetse khalidwe lake. Wopindika umapita kukhitchini.

Ndodo imatalika pafupifupi masentimita 145 ndipo imalemera ngati theka la kilogalamu. Tsanya ndi wolemera kwambiri, nchifukwa chake ndimamuika kogwirira kokha.

Inu amene munalemba kuti ife amisiri ndife otha mitengo ya ku Lengwe, ndimvereni. Sindinadulepo mtengo m'nkhalango imeneyo. Tsanya wanga ndimagula nsichi za makola akale a ng'ombe ku Ngabu, zimene zinauma ndisanakwatire ndipo chiswe chinazilephera. Mlandu umenewo musandisenzetse.

Zaka ziwiri zinatha ndikungopachika ndi kuyeza. Pofika Januwale 2015 ndinali ndi mitengo 40 yokonzeka m'shedi kuseri kwa nyumba. Usiku womwe madzi osefukira anabwera, mayi a ana ndi amene anayamba kumva mkokomo, anandigwedeza n'kunena, "Bambo a mwana, nyamulani ana." Zotsalazo ndilemba Loweruka.