Mmene tinafufuzira graphite pa paipi ya nthunzi ku Workington

Paipi yaikulu ya nthunzi pa fakitale yomwe ndimagwirako ntchito ku Workington, mu mzinda wa Harare, ndi ya chitsulo wamba cha kaboni, ndipo inaikidwa ine ndisanalembedwe. Chitsulo chotere chikakhala zaka zambiri pa kutentha kopitirira madigiri 425 a Celsius, kaboni yemwe anamangana ndi ayironi m'kati mwake amamasuka n'kuunjikana ngati timibulu ta graphite, mtundu wofewa wa kaboni. Kunja paipi imaoneka yabwinobwino.

Kuti tione ngati paipi yathu ili ndi vutoli, tinazimitsa boyila, itazizira tinasenda lagging, chofunda cha paipi chosunga kutentha. Ine ndinafuna kuyamba pakati pa paipi, koma a foromani, bambo a ku Mufakose omwe makolo awo anachokera ku Dedza, anati: "Achimwene, yambani m'mbali mwa weld, pomwe anawotcherera, matenda amabisala mmenemo." Amanena zoona. Timibulu tikamwazikana paliponse, chitsulo chimangofookako pang'ono. Choopsa n'choti tindandalike mzere pamalo omwe moto wowotcherera unafika koma osasungunula, chifukwa paipi imathyoka potsata mzerewo. Ndi zomwe zinachitika mu 1943 pa siteshoni yamagetsi ya Springdale ku Pennsylvania, paipi itaduka pafupi ndi weld.

Ntchito yotopetsa ndi replica, njira yoyezera chitsulo osachidula. Umapala ndi grinder, kenako sandpaper, kuchoka pa yokhakhala kufika pa yosalala, ndiye n'kupukuta mpaka nkhope yako ioneke pachitsulopo. Ukatero umadonthezapo nital, yomwe ndi asidi pang'ono wosakaniza ndi mowa wa m'labu, n'kumatapo kapepala ka pulasitiki ya acetate kuti katenge chithunzi cha chitsulocho. Dzanja likanjenjemera, kapena fumbi likagwerapo, wayambiranso. Pa microscope graphite amaoneka ngati madontho akuda.

Komatu replica imangoonetsa pamwamba, pomwe graphite nthawi zambiri amakhala m'kati mwa khoma la paipi. Choncho tinadula kachidutswa kooneka ngati bwato n'kukatumiza ku labu. Kumeneko anakacheka, anakaona pa microscope, china n'kuchipinda kuti aone ngati ching'ambike. Chinang'ambika, mzere wa madontho uli poyera.

Ena pa msonkhano ankati tingowotcherera pamwamba tipitirize ntchito. Ine sindinavomere, kumeneko n'kuphimba chabe. Tinadula gawo lonselo n'kuikapo paipi ya P11, yokhala ndi chromium wokwana 1.25 peresenti, yemwe amagwira kaboni kuti asamasuke. Ma weld ena awiri a pafupi ndi superheater, gawo la boyila lowonjezera kutentha kwa nthunzi, tawalemba kuti tidzawayeze tikadzazimitsanso boyila.