Zithunzi za chinkhoswe ndi laputopu yoiwala msanga

Pa chinkhoswe cha mlamu wanga ku Zingwangwa wojambula ndinali ine. Ukatswiri ndilibe, koma kamera ndili nayo, ndipo kuchikazi munthu wa kamera ndiye mkamwini wabwino. Ndinajambula zonse: ankhoswe akupatsana tambala ndi msoti, atsikana ofunditsidwa zitenje, lichero, mthiko, nkhwangwa, mpaka azakhali akuponya makwacha pa perekaniperekani.

Usiku womwewo ndinakopera zithunzi mu laputopu yatsopano imene achimwene ananditumizira kuchokera ku Johannesburg, memori khadi n'kuichita fomati kuti mupezeke malo. Tsiku lina ndikusesa mafoda ndinaona awiri ofanana mayina, ndinati limodzi ndi lobwereza. Ndinadina Shift ndi Delete, njira ija yosadutsira ku Recycle Bin. Foda lotsalalo munali chithunzi chimodzi chokha: nsapato zanga, zimene ndinajambula poyesa kamera.

Mtima sunagunde n'komwe. Pa kompyuta yanga yakale pulogalamu ya Recuva inkabweza chilichonse chodilitidwa, ngakhale zimene sindinkazifunanso. Ndinaiyatsa, mayina a zithunzi n'kutuluka onse pamndandanda. Ndinaitana mayi akunyumba kuti adzaone nzeru za amuna awo. Kudina choyamba, chakana kutseguka. Chachiwiri, chimodzimodzi. Mayi aja anangoti, "Mng'ono wanga waimbanso," n'kubwerera kukhitchini.

M'mawa tinapita ku Limbe kwa mnyamata wina wokonza makompyuta. Ndikuti tinapita chifukwa anakana kutsala.

"Madala, muli SSD umu eti?"

"Eya," ndinayankha monyada, "imayaka usanakhale n'komwe pansi."

Anapukusa mutu. "Hard disk yakale ili ngati mfumu yaulesi. Munthu akasamuka imangofufuta dzina m'kaundula, nyumba n'kukhalabe chilili mpaka wina adzamangepo. SSD, chosungira mafayilo chamakonochi, si choncho. Siitha kulemba pamwamba pa zolembedwa kale, imayenera kuyamba yafufuta chigawo chonse. Ndiye kuti isamachedwe, mukangodilita, Windows imaitumizira lamulo lotchedwa TRIM loti malo awa alibenso mwini. Kuyambira pa Windows 7 ya 2009 zimangochitika zokha. Ikapeza kampata imasesa, osakufunsani."

"Nanga mayina aja ndinawaona?"

"Mayina ali m'kaundula wa Windows. Onani mkati." Anatsegula chithunzi chimodzi ndi kapulogalamu kake. Maziro okhaokha, 00 00 00, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ankhoswe, tambala, azakhali, onse asanduka maziro. Ndinamva kutentha m'khosi ngakhale kunali chiperoni.

Kenako anafunsa ngati ndinajambuliranso pa khadi ija. Ndinati ayi. Nkhope yake inawala. Akuti memori khadi ndi ma flash kawirikawiri salandira TRIM, ndipo fomati yachangu imangochotsa mndandanda, zithunzi n'kutsala. Anailowetsa, n'kuyatsa PhotoRec. Pulogalamu imeneyi silabadira mayina kapena mafoda. Imayenda m'khadi monse kununkhiza poyambira chithunzi chilichonse, chimene yapeza n'kuchitulutsa ndi dzina la manambala. Ndikanamvetsa bwino mawu oti "chilichonse" ndikanati tibwere mawa.

Tambala uja anatulukira. Azakhali anatulukira. Mayi akunyumba anaomba m'manja, anandigwiranso paphewa koyamba sabata imeneyo. Mnyamata ankangodina, zithunzi zikusinthana. Mwadzidzidzi kunabwera mchenga, madzi, ndi bambo wina wa chimimba atavula malaya, botolo m'manja, mwendo umodzi m'mwamba, anzake akumuombera m'manja.

Dzanja lija linachoka paphewa.

"Bambo, izi si za sabata ija munali ku semina ku Dedza?"

"Mayi, boma la Dedza limafika kunyanja," ndinatero. Ndipo ndi zoona, funsani aliyense wa ku Mtakataka.

Mnyamata anadinanso. Chotsatira chinali ine ndemwe, nditakumbatira chikwangwani cholembedwa Cape Maclear, ndikumwetulira mano onse panja.

Mushopu munangoti zii. Ngakhale amene ankadikira foni zawo anasendera pafupi. Ndinawerama n'kumunong'oneza mnyamata uja: "Aise, TRIM ija singalowe pa khadiyi?"

Asanayankhe, mayi akunyumba anakoka mpando, n'kukhala bwinobwino, chikwama pamiyendo.

"Pitirizani achimwene. Zotsalazo ndilipira ine."