Sabata yomwe ndinasankha chatbot

Abwana anandiitana Lolemba ndisanayatse n'komwe kompyuta. Anati pofika Lachisanu akufuna dzina la kampani imodzi mwa zitatu zomwe zikufuna kutigulitsa chatbot ya AI yoyankha makasitomala. Ine ndimayang'anira gulu loyankha madandaulo, ndiye katunduyo anagwera pamutu panga.

Masiku awiri oyamba anathera pa zionetsero. Ogulitsa onse atatu anabwera ndi mafunso awoawo, olembedwa bwino ngati a m'buku la sukulu, ndipo chatbot iliyonse inkayankha mosadodoma. Wogulitsa wina anatikumbutsa za Klarna, kampani ya ku Sweden yothandiza anthu kulipira zogula pa intaneti, yomwe mu February 2024 inalengeza kuti AI yake inacheza ndi makasitomala maulendo 2.3 miliyoni m'mwezi woyamba, ntchito ya anthu 700. Abwana maso anawala. Ndinawanong'oneza kuti mu 2025 mkulu wa Klarna yemweyo, Sebastian Siemiatkowski, anavomera kuti kuthamangira kuchepetsa ndalama kunatsitsa ubwino wa ntchito, ndipo anayambanso kufuna anthu. Wogulitsayo gawo limeneli analidumpha.

Ntchito yeniyeni inayamba Lachitatu. Ine ndi mayi wina amene wakhala pa foni zaka zambiri kuposa tonse tinatola mauthenga 300 akale, n'kufufuta mayina ndi manambala a eni ake. Tinasankha dala ovuta: olembedwa mwaukali, osakaniza zilankhulo, a munthu amene wafunsa zinthu zitatu m'chiganizo chimodzi chopanda mpumiro. Tinaikamonso mafunso 20 omwe yankho lake mulibe m'zikalata zathu. Awa ndiwo anali msampha.

Chatbot ya kampani yoyamba inagweramo mutu ndi miyendo. Kasitomala anafunsa ngati angabwezeredwe ndalama pa katundu amene anatsegula kale, iyo n'kuyankha mwaulemu kuti inde, bola asapitirire masiku 45. Lamulo limenelo kwathu kulibe. Inangolipeka, ndipo inalilemba mokoma moti ndinapita kukayang'ana ngati ndine ndaiwala. Mayi aja anavula magalasi n'kunena kuti, "Achimwene, mwana wongoyamba ntchito akanama chonchi timamukhazika pansi. Nanga uyu timukhazika pati?"

Loya wathu sanaseke. Anatchula mlandu wa kampani ya ndege ya Air Canada wa mu February 2024. Chatbot ya pa webusaiti yawo inauza munthu amene anaferedwa agogo ake kuti atha kugula tikiti kaye, n'kudzapempha mtengo wa anamfedwa pambuyo pake, pomwe malamulo a kampaniyo sankalola zimenezo. Air Canada inayesa kunena kuti chatbot imadziyankhira yokha pa zochita zake, koma bwalo la ku British Columbia, ku Canada, linakana, n'kulamula kuti munthuyo alipidwe. Loyayo anati chimene makinawo alonjeza, talonjeza ndife.

Yachiwiri sinanamepo, koma inali yokakamira. Munthu akalemba kuti akufuna kulankhula ndi munthu, iyo inkabwereza yankho lomwelo m'mawu ena. Ndinayesa ndekha kanayi, mpaka ndinakwiyadi ngati ndine kasitomala. Yachitatu inalakwitsa mayankho angapo osavuta, ndipo Chingerezi chake chinali chouma, koma pa mafunso 20 aja inavomera pa 17 kuti sikudziwa, n'kutumiza nkhani kwa ife pamodzi ndi zonse zomwe kasitomala analemba, kuti asayambenso kufotokoza pachiyambi.

Mayesowa anatiululiranso chamanyazi chathu. Mayankho ena omwe tinkati ndi olakwika anachokera m'zikalata zathu zomwe. Tili ndi mapepala awiri onena za kubweza katundu, lina lakale lina latsopano, ndipo amatsutsana. Anzanga pa foni amadziwa pamtima loti alitsatire. Makina anawerenga onse awiri.

Lachinayi tinakhalira makontirakiti. Pamsika pano ambiri salipiritsanso pa munthu aliyense wogwiritsa ntchito pulogalamu: kampani ya Intercom inkatchaja masenti 99 a dola pa nkhani iliyonse yomwe chatbot yake yotchedwa Fin yathetsa, ndipo kampani ya Salesforce inayambitsa AI yake yotchedwa Agentforce mu 2024 pa madola 2 pa kucheza kumodzi. Funso ndi lakuti "kuthetsa" n'kutani. M'kontirakiti ya kampani yachiwiri ija, kasitomala akangosiya kulemba, nkhani yatha, tilipire. Ndiye kuti munthu amene watopa ndi kubwerezedwa, watseka foni n'kupita kwa opikisana nafe, ifeyo tizimulipirira ngati wathandizidwa! Mkulu wa zamakompyuta nayenso anali ndi mafunso ake: mauthenga a makasitomala amasungidwa dziko liti, kwa nthawi yaitali bwanji, amawagwiritsa ntchito pophunzitsa AI yawo kapena ayi, ndipo tikasiyana nawo tidzatenga bwanji zathu. Pa funso la kuphunzitsa, wogulitsa mmodzi anati akafunsa kaye. Mpaka pano akufunsabe.

Lachisanu ndinapereka dzina la kampani yachitatu, koma ndi malire: miyezi itatu yoyesera, mafunso a komwe katundu wafika ndi kusintha pasiwedi basi, ndipo nkhani iliyonse ya ndalama ipite kwa munthu. Abwana anafunsa kuti tichepetsa anthu angati. Ndinati pakadali pano palibe, ndipo ndikupempha mayi aja achoke pa foni kwa masabata awiri kuti akonze zikalata zija. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasaina.